Mpando wa Pambali pa Tadala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumudziko. Kuno kutsidya kwa nyanja, ku Barking, tili bwino, mawondo okhawa.

Mdzukulu wanga Tadala ndinapita naye kumalo awiri osewerera ana. Koyamba sitima yothamanga m'mwamba ndi yachitsulo, ndipo anamukana kuti ndi wamfupi. Kwachiwiri ndi yamatabwa, yolira ngati bokosi likamatsikira m'manda. Kumeneko anamulola.

Ndinawerenga okwera. Anali khumi ndi atatu, Tadala kumbuyo yekha. Atatsika anandiuza m'Chichewa, chimene sayankhula konse, kuti, "Agogo, adadi anandigwira dzanja njira yonse. Akuti kwawo kukudontha."

Chonde pitani kumanda a bambo ake mukamange chiliza chija mvula isanayambe. Ndikuopa kuti ulendo wina sadzamusiya dzanja.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Nabanda