Kapitawo Akuti Mulibe Munthu

Lolemba, 6 Okutobala

Kutentha. Kushopu makasitomala awiri tsiku lonse, winayo wofuna makatani a nyumba yonse koma ndalama za pilo. Miyendo yatupa.

Kufika pakhomo, amuna anga, a Injiniya, ali pamwamba pa tebulo kuboola siling'i. Fumbi m'mbale zonse. Akuika timaso tapulasitiki m'chipinda chilichonse, ndi kabokosi koyera pafupi ndi mita ya magetsi. Ati ndi nzeru zochita kupanga, zomwe aika kufakitale kwawo kopanga zidebe. Kumeneko ati makina akangokhala osagwira ntchito kamawathimitsa kokha, akuluakulu kamawayendetsa nthawi imene magetsi atsika mtengo, mota isanapse kamaneneratu. Ndiye akabweretsa kuno kuti mabwana aone kuti ndi m'nyumba momwe kangathe. Zikayenda bwino mwezi uno, mpando wa mkulu woyang'anira magetsi ndi wawo.

Ine chaka chonsechi ndapempha chimodzi: mpope wa kubafa. Ukudonthabe.

"Kamaphunzira kokha, mayi. Sikafuna kuuzidwa." Kanatengera mwini wake.

Ndakapatsa dzina. Kapitawo.

Lachinayi, 9 Okutobala

Kapitawo wayamba kulamula. Giza yotenthetsera madzi amayatsa nthawi yake, ndikamasamba madzi ali ngati malovu. Kusita akuti masana, pamene ine ndili kushopu. Kaya ndizisita pafoni. Firiji nayo yapatsidwa nthawi yopuma. Ine yanga sindinaipatsidwe.

Zimenezo n'zopirira. Koma za Ababa.

Chiwagwereni sitiroko, bambo anga amakhala nafe, chipinda chakumapeto. Mbali yakumanja inafa, dzanja lomwe ankalembera pabolodi. Chawo ndi mpando wa pawindo, fani ndi wailesi. Akakhala, akhala. Munthu sangadziwe kuti akupuma.

Lero ndawapeza muli zii. Fani itaima, wailesi chete, shati yonse thukuta. Ndafunsa kuti zathima liti. "Wailesi yatopa nane." Basi, osaonjezera.

Kadiso kaja kakapanda kuona chogwedezeka, Kapitawo amati mulibe munthu, n'kudula magetsi.

A Injiniya atamva, nkhope yowala ngati awafunsa funso lomwe analowezera. "N'zosavuta. Apongozi azingokweza mkono, kawaona, kayatsa." Mpaka kuwaonetsa, kugwedeza dzanja ngati akuimitsa basi. Getsi ngwee. Iwo kumwetulira.

Ababa anangowayang'ana mmene ankayang'anira mwana wobwera kusukulu asanasambe.

Lamlungu, 12 Okutobala

Sakukweza. Ndinadziwa.

Munthu anaphunzitsa mpaka imvi, lamulo lake limodzi: poitana mayina, wosakweza mkono kulibe, ngakhale akumuona ndi maso awiri. Ine ndemwe, mwana wawo, anandilembapo kuti kulibe, chonsecho tinabwera limodzi panjinga. Lero siling'i ndiye iziwaitana mayina?

Ndawanyengerera. Mkono wakumanzere ndi wabwinobwino, kungoukweza pang'ono. "Mwanawe, ndinakwezera Mulungu, ndinakwezera dokotala. Denga ayi."

Ndauza a Injiniya achotse kadiso ka m'chipinda chimenecho. Ati akachotsa chipinda chimodzi zotsatira zonse zasokonekera, mabwana aziti anabera. Tipirire mwezi uthe. Kapitawo akadaphunzira, awazolowera. Ndati ophunzira ouma mutu ndawaonapo, koma uyu Ababa akanam'bweza kalasi.

Mayunitsi a magetsi akukhalitsadi. Sindiwauza.

Lachitatu, 15 Okutobala

Ndinam'pusitsa. Kansalu kotsala pa katani, kupachika pa msomali kutsogolo kwa fani. Fani ikamazungulira kansalu kamavina, Kapitawo n'kumati muli munthu. Lolemba bwinobwino. Dzulo bwinobwino. Ndinayenda modzimva.

Lero thii. Watulukira.

A Injiniya kusangalala kwake ngati mwana wawo wakhoza mayeso. "Mwaona, mayi? Kazindikira kuti nsalu si munthu!" Mpaka ajambula kuti akaonetse kuntchito.

Nzeru zake zimenezo. Kudziwa kuti nsalu si munthu, osadziwa kuti munthu si mpando.

Mankhwala a Ababa akwera mtengo. Nsapato zanga zidikira.

Loweruka, 18 Okutobala

Mphaka wa aneba ndiye bwana tsopano. Akalowera pawindo, magetsi onse ngwee, fani kuzungulira, wailesi kuyankhula. Akatuluka, pakapita kanthawi, thii.

Ndimadabwa kuti nyama ikumatha m'mbale ya Ababa, munthu amene amangotola. Lero ndawaona. Amaika kachidutswa pawindo.

Atandiona sanachite manyazi. "Alendo olemekezeka akabwera timamverako nkhani." Anaseka ndi theka la kamwa lomwe limasekabe. Nanenso ndinaseka. Kubafa ndinalira, mpope ukundithandiza.

Nyumba ya munthu wophunzira iyi. Mphaka akuwerengedwa, mphunzitsi ayi.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Takangana. Zoona zenizeni, mpaka mpunga kupserera.

Ndinati Kapitawo wanuyo ndi wakhungu. A Injiniya anatulutsa foni, chifukwa iwo mkangano uliwonse umathera pafoni. Ati sayang'ana kugwedezeka kokha. Amaona chitseko chimatsekulidwa kangati, amalowa ndani, amakhalitsa bwanji, mumamveka mawu kapena ayi. Akatero chipinda chilichonse amachipatsa gulu yekha. Anandionetsa. Chathu, chogona. Khitchini, yophikira. Cha Ababa wachiika gulu limodzi ndi kasitolo komwe timaponyamo masutikesi ndi mipando yothyoka.

"Sindinalembe ndine, mayi. Kaona kuti m'mawa munthu amalowa, kusiya chinthu, kutuluka. Madzulo chimodzimodzi. Woyankhula palibe."

Anatero mofatsa, ngati akuwerenga mita.

Ndinalavula zakukhosi zonse. Amachapa ndani? Amawasambitsa ndani? Pamzere wa mankhwala amaima ndani, Kapitawo? Kabokosi kadzulodzuloli kandiwerengere mapazi m'nyumba mwanga? Ndinanena zambiri, zina za abale awo, zosafunika kulemba.

Nditatembenuka, chitseko cha Ababa chinali chotsekula. Sitiroko inatenga mkono, makutu inasiya.

Ndayesa kukumbuka tsiku lomwe ndinawauza china choposa "mwadya?" ndi "mwamwa mankhwala?" Mutu ukuwawa. Ndagona osadya.

Lachisanu, 24 Okutobala

Achimwene aimba foni ndili kushopu, kasitomala ali patsogolo panga. Ati Ababa anawaimbira, akufuna adzawatenge kumapeto a mwezi.

Kwa achimwene! Zipinda ziwiri, ana anayi, chipatala kutali. Alamu anga aja oiwala ngakhale mchere, ndiwo azikumbuka mankhwala a m'mawa ndi madzulo? Fani kulibe. Magetsi amabwera akafuna.

Ndawauza Ababa zonsezi, ndili chiimire pakhomo. Anandisiya ndimalize. "Kumeneko magetsi akathima, amathimira onse."



Sindikufuna apite. Ndalemba kuti ndione ndi maso: sindikufuna apite. Amayi atamwalira ndinawatenga ndine, ndinalonjeza ndine.

A Injiniya aona kuti zafika poipa, ndiye abwera ndi nzeru. Ati pali njira yosasokoneza zotsatira. Akhoza kuuza Kapitawo kuti m'chipindamo muli chipangizo chosayenera kuthima nthawi yaitali, ngati firiji. Anayankhula monyadira, kudikira ndiwaombere m'manja. Digiri yonse ija kuti bambo anga alembedwe kuti firiji.

Komabe ndinakawauza, poti thukuta ndi thukuta. "Dzana ndinali sitolo, lero firiji. Ndikukwera maudindo." Akana.

Lolemba, 27 Okutobala

Ndapempha abwana akushopu kuti makatani opinda m'mphepete ndizitengera kunyumba. Ndikumaweruka dzuwa likadalipo. Molunjika kwa Ababa, singano, ulusi, kukhala pabedi.

Loweruka tinangokhala ngati anthu odikira dokotala. Fani yokha kuyankhula. Dzulo anayamba kutsutsana ndi owulutsa mpira pawailesi, ati sadziwa kanthu, ndipo anandifunsa maganizo anga ngati ine mpira ndimaudziwa. Lero agwira nsonga ya katani ndi dzanja lakumanzere ine ndikuyeza. Ati mzere wanga wakhota. Unakhotadi.

Anandiuza kuti makatani oyamba a m'nyumba mwathu amayi anasoka ndi madiresi awo awiri, ndipo kwa chaka chonse ankapita kutchalitchi ndi diresi imodzi. Zaka zonsezi osadziwa. Ndinkagona pansi pa madiresi a amayi.

Magetsi sanathime ngakhale kamodzi. Kapitawo phee, waulemu.

A Injiniya anasuzumira, ati kugwiritsa ntchito magetsi kwakwera pang'ono chipinda chimenechi. Ndinawayang'ana. Anabwerera chambuyo.

Lachinayi, 30 Okutobala

Ndawapempha asapite. Ndinagwada, ine, ndi mawondo angawa. Ndati mwezi watha, kadiso kachotsedwa, akakana ndikagwetsa ndekha ndi tsache. Ndati ndizibwera tsiku lililonse ngati mmene ndikuchitiramu.

Anandiyang'ana kumaso. Kenako, "Ukumabwerera ine kapena fani?"

Ndinatsekula pakamwa. Yankho linalipo, koma linachedwa kutuluka, ndipo mphunzitsi yankho lochedwa amalidziwa. Anandisisita pamutu ndi dzanja lamoyolo. "Wayesetsa, mwanawe. Koma achimwene ako abwereka kale galimoto."

Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mwambi umenewu anandiphunzitsa ndi iwo omwe, ndinakhoza pa mayeso.

Loweruka, 1 Novembala

Apita.

Sutikesi a Injiniya anakaitenga ku kasitolo kaja. Getsi la mmenemo linawayakira bwinobwino.

Wailesi atenga. Fani asiya, ati n'kukagwiritsa ntchito chiyani. Mankhwala ndamanga m'timapepala, m'mawa pawokha, madzulo pawokha, ndauza alamu pafoni kawiri. Ati amva. Kaya.

A Injiniya anati, "Muyende bwino, apongozi, pakhomo pano ndi panu." Ababa anati zikomo, ndipo anawafunira mafuno abwino pa mpando wakuntchito uja. Mwaulemu kwambiri, moti mpaka unawawa.

Galimoto ikunyamuka, mkono uja anaukaniza denga anandikwezera ine.

Lachiwiri, 4 Novembala

Mpando aupeza. Mabwana ati zotsatira n'zogometsa. Abwera ndi keke ndi tayi yatsopano, ati tsopano akaika timaso m'nyumba za antchito onse. Akayambe aona ngati muli okalamba. Keke sindinadye. Mpope ukudonthabe.

Ndinaweruka msanga mwachizolowezi, katani m'chikwama, kuiwala kuti wondigwirira nsonga kulibe. Kulowa m'nyumba, ndikumva fani.  Ndinathamanga.

Getsi likuyaka. Fani ikupepesera mpando wopanda munthu.

Kapitawo waphunzira. Waona kuti dzuwa likapendeka chipinda chimenechi mumakhala anthu, ndiye akumakonzeratu. A Injiniya anandionetsa pafoni. Wachichotsa m'gulu la kasitolo. Tsopano akuti chochezera.

"Musadandaule, mayi, sizitenga nthawi. Akaona kuti simukulowa munthu, aiwala yekha."

Ankaganiza kuti ndikudandaula mayunitsi.

Lachisanu, 7 Novembala

Ndaimba kawiri, foni ya Ababa yothima. Achimwene ati kulibe magetsi chiyambire dzulo, onse akhala panja, Ababa akuphunzitsa ana kuwerenga, akukalipira mwana wamkulu chifukwa chowerengera zala. Ati akudya bwino. Ndinati chabwino. Ndasangalala. Ndapsanso mtima kuti ndasangalala pang'ono chabe.

Mphaka anabwera pawindo, ananunkhiza, anapita.

Lero sindinasoke. Ndinakhala pa mpando wawo, manja pamiyendo, duu, kuti ndione. Pawindo palibe choona, khoma la aneba ndi chingwe choyanikira. Miyezi yonse ija ankayang'ana zimenezi.

Sipanatenge nthawi. Thii. Fani kuzungulira pang'onopang'ono mpaka kuima. Kutentha kubwera ngati bulangeti. Ziii. Kukhitchini ndikumva a Injiniya akuseka pafoni, pafupi pomwepa, khoma limodzi. Kani zimamveka chonchi. Kani ankatimva tonse.

Ndinati sindikweza. Ndine mwana wa bambo anga, kabokosi sikangandiitane dzina. Thukuta mpaka m'khosi.

Koma ndikapanda kukweza aiwala. Abwezera chipindachi ku masutikesi, ngati simunakhalepo munthu.

Ndakweza. Ngwee.

Ndiye ndili pano, mayi wamkulu ndi imvi zoyamba, mkono m'mwamba ngati mwana wasukulu. Woitana mayina kulibe.