Timiyala Tanga Ndakusiyira Iwe

Marondera
14 Ogasiti 2023

Okondedwa Mercy,

Undikhululukire, mnzanga, ndakhala chete chichokereni kumeneko ku Japan. Bambo tinawaika m'manda a pafamu, kuseri kwa nyumba zowotchera fodya. Anthu a m'komboni anaimba mpaka mawu kusasa.

Maliro atangotha, kapitawo wa pafamu anabwera kwa mayi. "Mai Annet, nyumbayi ndi ya wogwira ntchito. Mwezi ukatha alowamo wina." Mayi anawomba m'manja nati m'Chishona, "Tazvinzwa," kutanthauza kuti tamva, kenaka anapita kukathirira ndiwo zawo zamasamba za rugare ngati sanamve kanthu. Chitupa alibe, cha Zimbabwe ngakhale cha kwanu ku Malawi. Anabadwira pafamu pompano, ndipo mudzi wa agogo ku Dedza amangoudziwa dzina. Miyendo yawo yayamba kutupa. Mlongo wanga Passmore anapita ku Joni, foni sayankha.

Choncho ku labu sindibwereranso. Ndapeza chipinda ku Dombotombo, m'tauni ya Marondera muno, ndi ntchito yophunzitsa sayansi pasukulu ina.

Timiyala tanga ta chitsulo ndi seleniyamu tili m'kabati yachiwiri, m'botolo lotseka. Usatisiye pamtunda, timawonongeka. Uzitiziziritsa mosathamanga. Pafupi ndi madigiri 90 a Kelvin uona maelekitironi akusankha mbali imodzi yoyendera. Ukatsika kufika pa 8, magetsi amadutsa popanda chowatchinga. Zaka zonsezi ndakhala ndikufunsa ngati dongosolo loyambalo limathandiza kuyenda kwa magetsiko kapena limalimbana nako. Kamwala komwe ndinasakaniza ndi sulufule kanali katangoyamba kundiyankha pamene uthenga wa bambo unafika. Kafukufukuyu umalize ndiwe, ulembepo dzina lako. Usatsutse.

Dzulo tikumanga katundu, mayi anandifunsa, "Kodi uko unkachita chiyani kwenikweni?" Ndinayesa kufotokoza, magetsi atazima, tili pakandulo. Anamvetsera mpaka kumapeto. "Bambo ako ankauza aliyense m'minibasi kuti mwana wawo akukonza magetsi osatayika panjira. Ubwerere, ukamalize. Ine sindine mwana."

Ndinawauza kuti andipatsa tchuthi chachitali. Anakondwa, mpaka anadya.

Undiperekere moni kwa aphunzitsi athu; ndiwalembera ndikalimba mtima. Jekete langa la chisanu upatse wophunzira watsopano amene angafike alibe. Ukapita kwanu ku Zomba pa Khirisimasi, ukawagwire dzanja mayi ako m'malo mwanga.

Ndipo ukandiimbira foni mayi ali pafupi, chonde uzinena mokweza kuti nonse mukundidikira.

Ndine mnzako,
Annet