Mayi Chedlia Mezni Anatsikira Kuli Chete Ali Pakhomo Pawo

Kuchokera kwa Wapampando wa Bungwe la Osamalira Odwala ndi Okalamba M'makomo, El Kef

Kwa a Lotfi Mezni, mayi Radhia Mezni ndi banja lonse lofedwa, kwa mamembala a bungwe lathu, ndi kwa anthu onse a mumzinda uno

Ndi chisoni chachikulu komanso mitima yosweka, ife a Bungwe la Osamalira Odwala ndi Okalamba M'makomo tikudziwitsa onse kuti Mayi Chedlia Mezni, amene kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali mkulu wophunzitsa atsogoleri a magulu athu, anatisiya Lachiwiri la sabata yatha dzuwa litangopendeka, ali ndi zaka 67, ndipo tinawaika m'manda tsiku lotsatira itatha swala, pemphero la Chisilamu la masana. Ngakhale tinkadziwa kuti akudwala mwakayakaya, uthengawo unatidzidzimutsabe, pakuti munthu amene wakhala akukudzudzula ndi kukuwongolera kwa zaka zonsezi sumuganizira kuti tsiku lina adzangokhala chete.

A Lotfi, pa tsiku lachitatu la maliro, alendo akutsazika, munandigwira dzanja pakhomo n'kundifunsa kuti, "Adokotala, ndiuzeni zoona. Ambulansi ija ndikanapanda kuibweza, si bwenzi amayi ali moyo?" Ine ndinangoti zonse ndi za Mulungu, yankho limene madokotalafe timathawirako tikasowa chonena. Funso lanu likufunika yankho lenileni, ndipo popeza ndamva kuti enanso akulinong'ona m'malo omwera khofi, ndaona kuti ndiliyankhe poyera m'kalata ino. Koma ndiloleni ndiyambe ndanena za ntchito ya malemuwa, chifukwa yankho lanu lili momwemo.

Mayi Chedlia anabwera kwa ife atagwira kale ntchito ya unamwino kwa zaka makumi awiri, ndipo anatipeza tili ndi anamwino anayi ndi galimoto imodzi yolira pokankha. Lero tili ndi magulu khumi ndi limodzi amene amayendera makomo oposa mazana anayi, kuyambira m'tinjira ta mzinda wakale mpaka kumidzi ya kumapiri cha kumalire ndi Algeria, ndipo mtsogoleri wa gulu lililonse anadutsa m'manja mwawo. Ndi iwo amene anakhazika pa tebulo limodzi anamwino, alangizi a mabanja ndi ophunzitsa odwala kuyendanso, anthu amene kale sankapatsana ndi moni womwe, n'kuwauza kuti wodwala ndi mmodzi ndipo sangamudule zidutswa zitatu. Atsogoleri oposa makumi asanu ndi limodzi amene anawasula ali ponseponse m'chigawo chino, ena akutsogolera mabungwe aakulu kuposa lathu.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kosavuta kufotokoza koma kowawa kutsatira. Mtsogoleri watsopano akamalowa m'nyumba ya wodwala koyamba, chikwama cha zipangizo ankachisiya pakhomo. Ankayenera kukhala pansi, kumwa tiyi amene wapatsidwa mpaka kumaliza, kenako n'kufunsa mwini wake kuti akufuna tsiku lake lizikhala lotani. Ndikukumbukira namwino wina atalemba mufayilo ya Am Belgacem, mbusa wina wokalamba wa nkhosa, kuti ndi munthu wovuta chifukwa ankakana kusambitsidwa Lachinayi. Mayi Chedlia anawerenga n'kumufunsa kuti, "Wovuta ndi ndani apa? Iwe ukubwera ndi beseni nthawi imene anzake akumudikira kumsika wa nkhosa. Wamufunsa kuti Lachinayi amapita kuti?" Nthawi inasinthidwa, ndipo mkuluyo amasamba bwinobwino mpaka lero.

Chimene chinkawaliritsa kwambiri ophunzira awo chinali chakuti sankawapangira chiganizo. Mtsogoleri akaimba foni ali kakasi m'nyumba ya wodwala, yankho linali limodzi: "Iwe ukuona bwanji? M'nyumbamo muli iweyo, ine ndili pampando kuno." Ine ndinawadandaulirapo kangapo kuti umenewu ndi ulesi wovala zovala za uphunzitsi, ndipo iwo anandiyankha kuti ndikafuna anthu ongomvera ndikagule abulu. Sitinkagwirizana pa zambiri, ndipo nthawi zambiri olakwa ndinali ine.

Mwezi wa Okutobala, atayamba kuwonda ndi kukana chakudya, anakajambulidwa m'mimba, ndipo zotsatira zake zinafikira kwa ine. Inali khansa ya kapamba, itafika kale ku chiwindi. Monga mwa chizolowezi chathu, dzina limeneli sitinalitchule. Tinkangoti matenda aja. A Lotfi munabwera msangamsanga kuchokera ku Lyon, kunja kwa dziko lino kumene mumakhala, ndipo ine, inu ndi mlongo wanu mayi Radhia tinaima pamasitepe n'kugwirizana monong'ona kuti tiwauze kuti ali ndi zilonda za m'mimba. Inu munachita zimenezi chifukwa cha chikondi, monga amachitira ana onse kuno. Ine ndilibe podzikanira, pakuti ndinasainira ndi dzanja langa masatifiketi a maphunziro onse amene Mayi Chedlia ankaphunzitsa, koma ndinapita kukanamiza mayi amene anakhalapo pambali pa anthu mazanamazana akutsirizika.

Bodzalo linatha masabata atatu. Mankhwala a zilonda ankamwa mosanyinyirika, ndipo ndikalowa ankandilandira ponditchula dzina ndi mawu akuti, "Si Taoufik, zilonda zanu zija zandipatsa ulemu. Mzinda wonse ukubwera kudzandiona." Panthawiyi n'kuti tikukonza zowatumiza ku chipatala chachikulu ku Tunis, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti kumeneko sakachira. Palibe mmodzi mwa ife amene anawafunsa ngati akufuna kupita.

M'mawa wa tsiku la ulendo, ambulansi itaima kale pakhomo, kunafika mayi Awatef Dridi, mtsogoleri wa gulu loyendera mzinda wakale, amene malemuwa anawaphunzitsa zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Awatef ameneyu pofika kwa ife anali munthu wamanyazi, woti pamsonkhano ankalankhula akuyang'ana nsapato zake. Ataona masutikesi pakhonde anaika chikwama chake pansi n'kundiyang'ana.

"Adokotala, mwawafunsa?"

"Mwana wanga, izi ndi za banja," ndinatero.

"Banja ndalimva. Eni akewo mwawafunsa?"

Ndinamukumbutsa kuti akulankhula ndi wapampando wa bungwe.

"Ndikudziwa," iye anatero. "Mukandichotse ntchito masana. Panopa tandipatsani njira."

Ndinapatuka. Analowa m'chipinda n'kusiya chitseko chotsegula, kotero kuti ife tonse pakhonde tinamva zonse. Anakoka mpando, n'kukhala, ndipo anafunsa kuti, "Amayi, chimene chikukudwalitsanichi mukuchidziwa?"

Mayi Chedlia anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, masabata atatu athunthu. Ndimati ndinkaphunzitsa miyala."

"Ndiye mumadziwa?"

"Kuyambira tsiku loyamba. Taoufik satha kunama, makutu amachita kufiira."

"Nanga bwanji osanena, Amayi?"

"Ndinene ine? Ndiye mawa zikamuchitikira Am Belgacem adzamunenera ndani? Ine pakamwa ndili napo. Ndimafuna ndione ngati alipo woti n'kufunsa wopanda pakamwa."

Awatef anapukuta misozi n'kufunsa kuti akufuna masiku awo azikhala otani. Anayankha mosazengereza, ngati munthu amene anakonzeratu kale. Ankafuna kukhala m'chipinda chomwecho, bedi litayang'ana kuzenera la kubwalo. Ankafuna mankhwala opha ululu, koma osati owagoneka m'mawa, chifukwa m'mawa ndi pamene mutu wawo unkagwira ntchito. Ankafuna kulawa mafuta oyamba a maolivi a m'munda wa mchimwene wawo akangoyengedwa. "Komanso Lotfi asiye zonong'ona pamasitepe," anatero mokweza kuti mumve. "Abwere adzakhale apa."

Munalowa, a Lotfi, n'kugwada pambali pa bedi, ndipo munayesa komaliza. "Amayi, ku Tunis mwina..."

"Mwina chiyani, mwana wanga? Afunse adokotala akowo pamaso panga."

Munandifunsa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata atatu ndinanena zoona: kuti ku Tunis angawonjezere sabata imodzi kapena ziwiri, ali pa diripi, koma kuchira kunalibe. Munagwira dzanja la amayi anu. Kenako munaimirira, munatsika masitepe nokha, n'kukauza dalaivala kuti abwerere. Iye ananyinyirika kuti wadzukira pachabe, ndipo mayi Radhia anamutsitsa mtima ndi tiyi ndi buledi wotentha asananyamuke.

Ndikunena mosabisa kuti m'mawa umenewo mtima wanga unakhala pansi, ndipo ndikukhulupirira kuti m'nyumba monse zinali chimodzimodzi. Kunong'ona kunatha. Anthu anayamba kulira poyera ndi kuseka poyera, ndipo Mayi Chedlia anakhala nafe masabata ena asanu. Gulu la mayi Awatef linkasinthana okhala nawo popanda kundiimbira foni ngakhale kamodzi, ndipo ndinadabwa kupeza kuti magulu ena khumi aja nawonso akuyenda okha, opanda khomo limodzi lodumphidwa. Wodwalayo sanasiye kuphunzitsa: namwino wina anamubweza pakhomo kuti akagogodenso chifukwa analowa asanamve kuti lowa. Mafuta a maolivi anafika kumapeto kwa Novembala, ndipo ananyikamo buledi, n'kulawa, n'kunena kuti mchimwene wawo anathyola mochedwa monga mwa masiku onse. Anamwalira masana kukuwala, opanda ululu, inu ndi mlongo wanu muli pambali pawo.

Tsono yankho la funso lanu, a Lotfi, ndi ili, ndipo ndikuliyankha monga dokotala amene anaona zithunzi zija ndi maso ake. Ayi, sakanakhala moyo. Ambulansi ikanawatenga, bwenzi atamwalirabe, mwina sabata ziwiri mochedwerapo, m'chipinda cha alendo kutali ndi kwawo, ife tikuwauzabe za zilonda za m'mimba ndipo iwo akunamizira kutikhulupirira pofuna kutisungira ulemu. Ngati pali woyenera kuchita manyazi pa nkhaniyi ndi ine, amene ndinkadziwa zoona koma n'kutsekereza pakhomo. Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, amayi anu anandiitana n'kundiuza kuti, "Mwanayu ndikumudziwa, adzadziimba mlandu. Udzamuuze kuti kuyambira tsiku limene anabweza galimoto ija ndakhala ndikugona tulo tabwino." Ndachedwa nawo uthengawu, ndipo ndikupepesa.

Kwa mamembala athu ndi mabanja amene timawayendera, amene ena mwa inu munali ndi nkhawa kuti ntchitoyi ipita m'manda pamodzi ndi mwini wake, tikukutsimikizirani kuti ikupitirira. Komiti inakumana Lolemba ndipo mogwirizana inapempha mayi Awatef Dridi kuti atenge udindo wophunzitsa atsogoleri. Iwo anavomera, koma atayamba atifunsa ngati tikudziwa kuti adzapitiriza kutitsutsa, ndipo tinawayankha kuti tawasankhira zomwezo.

M'malo mwa komiti, atsogoleri a magulu onse, anamwino, alangizi, madalaivala ndi mabanja onse amene anadutsa m'manja mwa Mayi Chedlia, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu a Lotfi, kwa mayi Radhia, kwa adzukulu, kwa achimwene awo ndi kwa abale onse a banja la Mezni. Mulungu wachifundo, amene anatibwereka mayiwa kwa zaka zonsezi, awalandire ndi kuwakhululukira, ndipo inu otsala akupatseni mphamvu ndi kupirira m'masiku amene nyumba idzakhala zii alendo atabalalika. Khomo la bungwe lathu ndi lotsegula kwa inu nthawi zonse. Ndipo inu a Lotfi, mukamabwerera ku Lyon mupite mtima uli m'malo. Amayi anu anapempha kuti atsirizikire kwawo, ndipo amene anatsika masitepe kukawachitira zimenezo munali inu.

Ine wanu pa chisoni chimenechi,

Taoufik Ouertani
Wapampando, Bungwe la Osamalira Odwala ndi Okalamba M'makomo, El Kef