Kabokosi ka Dzina Lanu

Amayi,

Pepani kuti ndikukusokosani pamene mukupumula. Kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo. Achemwali Esinati anabereka mwana wamwamuna mwezi watha, watenga makutu a atate. Chimanga cha kuseri kwa nyumba ku Chelstone sichinachite bwino, ana a anthu a lendi anathyola chikadali chanthete. Ine ndikugwirabe ntchito ya m'nyumba ku Kabulonga, kwa madamu omwe aja.

Chandivuta ndi chofunda chanu cha zigamba, chija munasoka ndi zotsala za salaula, zovala zakale zija za pamsika. Ndinachichapa n'kuchiyanika, ndiye Ba Kelvini, mwana wa madamu amene anaphunzira kunja, anachiona. Iwowa ntchito yawo, ngati ndi ntchito, ndi kumanga nyumba yoonetseramo zaluso m'kompyuta. Nyumbayo ilibe njerwa ngakhale imodzi. Munthu amakhala kwawo ku Ulaya n'kumatsetsereza chala pa foni, akuti akuyenda m'zipinda. Masabata atatu anakangana ndi anzawo za mtundu wa khoma, khoma loti kulibe, ine ndikuwaperekera tiyi.

Anandipempha chofundacho kuti achijambule, ndipo ndinachita manyazi kukana. Atandionetsa chili pakhoma lawolo, Amayi, anali atajambula kumbuyo! Kumene kuli mfundo ndi ulusi wolendewera. Akuti kumeneko ndiye kokongola. Munthu wa madigiri awiri sadziwa kuti nsalu ili ndi nkhope. Inu munkati kumbuyo kwa nsalu ndi kuchipinda, mlendo salowako. Ndinawauza chapansipansi, ndipo anatembenuza monyinyirika ngati ndawalanda nyama pakamwa.

Tsono pansi pa chithunzicho pali kabokosi kolembamo dzina la wopanga. Ndinati alembe Amake Esinati, monga msika wonse wa Chelstone unkakuitanirani. Anaseka. "Iwe Tisa, iyo si dzina. Kompyuta ifuna dzina yeniyeni, na ya batate." Batate ndiye bambo m'chilankhulo chawo. Kabokosiko anakapanga okha, koma amakaopa ngati apongozi. Akuti ndikapanda kupereka dzina pofika Lachisanu, alemba kuti wopanga sadziwika. Kuchotsamo chofundacho akana, ati anthu odzaona anawaitana kale. Sadziwika! Inu amene munasokera mayunifolomu ana a mseu wathu wonse, maso mpaka kufooka pa makina.

Dzinalo ndimalidziwa. Ndinaliwerenga pa chitupa chanu tsiku lija tinakatenga thupi lanu kuchipatala, ndipo sindinalitchulepo kwa munthu. Mukukumbukira ndili giredi 3, pamene ndinakufunsani dzina lanu pamaso pa makasitomala? Munanditsina khutu, n'kunena kuti dzina la mayi si nyimbo. Ngakhale atate sindinawamvepo akulitchula. Lero ndilipereke kwa munthu amene amaitana amake ali chigonere pa sofa, miyendo m'mwamba, kuti alendo osadziwa n'komwe moni azilipotokola pakamwa? Komanso ndikakhala chete, dziko lonse liwerenga kuti chofundacho chinangodzisoka chokha. Zonse ziwiri zikundiwawa, ndipo sindikudziwa chimene chingakuchititseni manyazi kwambiri.

Ndalilemba pa kapepala, pang'onopang'ono kuti ndisaphonye chilembo, ndapinda kanayi, kali m'thumba la epuloni. Ba Kelvini andifunsa kawiri lero, ndangoyang'ana pansi. Mukandilola ndiwapatsa kapepalako osatsegula pakamwa, ndipo ndikulonjeza kuima kumbuyo kwawo mpaka alembe molondola, ayikenso Mayi patsogolo. Akati kompyuta ikukana, ndiwauza kuti aiphunzitse ulemu. Mukakana, ndikang'amba.

Chonde Amayi, ndiyankheni msanga, kaya kutulo, kaya kudzera mwa achemwali. Lero ndi Lachiwiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tisa