Zitseko za Nyumba ya Ruben

Lachiwiri, 17 Januwale 2023

Mlamu Fabiano watsika ndege ku Mfuwe. Zaka zonsezi ali kusukulu ku Japan, ngakhale pamaliro a mkulu wake Ruben, mwamuna wanga, sanaoneke. Lero ndiye watulukira. Asanamwe n'komwe madzi wayamba kuzungulira nyumba, akugogoda makoma. Munthu wodzapepesa maliro amatero?

Lachinayi, 19 Januwale

Wandionetsa kanema pafoni. Ngalande yaitali yagalasi, tinyumba tonga zidole, chifunde chomwe akuti ndi tsunami. Ntchito yake akuti ndi imeneyo, kuyeza mmene madzi amakankhira nyumba za m'mbali mwa nyanja. Kanyumba kotseka mbali zonse kanagwa. Kotsekula zitseko kanatsala, madzi anangodutsamo. Akuti madzi amakankha kwambiri m'munsi mwa khoma, mitengo yomwe anyamula n'kumamenya ngati hamala, pobwerera n'kukokolola dothi la pamaziko.

Ndamuuza kuti kuno kulibe nyanja. "Alamu, mtsinje wa Lupande ukadzaza sufunsa zimenezo." Akufuna ine ndi ana tisamukire kumtunda, kutchalitchi, mvula isanakule. Nditulukemo, makiyi atsale ndi ndani?

Lolemba, 23 Januwale

Judith wa pamsika akuti anamuona Fabiano ali ndi amalume ake, akunong'onezana za nyumba ino. Mkazi wa malemu Silas achibale a mwamuna wake anam'chotsa m'nyumba chonchi, ati akapume kaye kwawo. Mpaka lero akupumabe. Mvula tsiku lonse. Shuga watha. Makiyi ndamangirira kuchitenje.

Lachisanu, 3 Febuluwale

Tili kutchalitchi. Madzi anabwera Lachitatu masana, ofiira, atanyamula mitengo yathunthu. Ndinakhoma zitseko zonse n'kuthawa ndi ana. Titafika pamtunda ndinacheuka. Fabiano m'madzi ofika m'chiuno, nkhwangwa m'manja, akuswa chitseko changa chakutsogolo. Analowa, chakumbuyo nacho chinagwa. Ndinakuwa kuti wakuba. Anthu onse anamva.

Lamlungu, 5 Febuluwale

Ndapita kukaona. Chimanga, matiresi, makina osokera, jekete ya Ruben, zonse zinapita ndi madzi. Ndakhala pakhonde n'kulira. Nyumba ya a Jonah pafupi pathu, yomwe inatsala yokhoma, yagona pansi yonse. Yanga yaima, matope mpaka m'mawindo.

Fabiano lata linam'cheka mwendo, wamangapo nsalu. Sakundiyang'ana kumaso. Ndam'patsa tiyi wopanda shuga, walandira, wamwa. Za mawu aja sitinakambe.

Akuluakulu a kwawo aitanitsa msonkhano Loweruka, nkhani yake ya nyumba. Iye akuti adzayamba kulankhula ndi iyeyo, ine ndisadandaule. Zomwe adzanene sanandiuze.

Waipulumutsa, sindikukana. Koma waipulumutsira ndani?