Akuti mayi ngati anga kulibe

Aphungu,

Ndine mkazi wa zaka 34, ndimakhala ku Khayelitsha mumzinda wa Cape Town ndi mkazi wanga Bulelwa. Chaka chatha ndinajambula filimu yanga yoyamba, yoseketsa, ya akazi awiri okondana: wina woyendetsa minibasi, wina woluka tsitsi. Panalibe kampani yondithandiza. Osewera anali anzanga, ndipo ukwati wa kumapeto tinaujambula pakhomo pa mayi anga.

Tsiku loyamba kuionetsa ku Cape Town anthu anaseka mpaka misozi. Atolankhani awiri anaiyamikira. Wachitatu, Nomfundiso Gcwabe, anaing'amba. Mayiyu nayenso amakonda akazi anzake, ndipo zolemba zake ndi zomwe zinkandilimbitsa mtima ndili kusekondale. Analemba kuti: "Ife tikuika m'manda atsikana ophedwa chifukwa cha chikondi chimenechi, iye akutiseketsa. Ndipo mayi wolulutira mwana wake wamkazi akabweretsa mkazi mnzake, m'makomboni muno kulibe."

Aphungu, mayi amenewo ndi mayi anga enieni. Nditawauza za Bulelwa anakhala milungu iwiri osandiyankhula, kenako anandiitana n'kuti: "Ubwere naye ndimuone. Koma akakhala waulesi ukam'bweze komwe wam'tola." Mawu amenewa ali m'filimumo momwe anawanenera.

Achimwene atawawerengera nyuzipepala ija, mayi anavula magalasi. "Ine kulibe? Nanga wakhala panoyu ndi mzukwa? Ndiperekezeni kuofesi kwakeko akandikhudze!"

Tsopano okonza chionetsero china cha mafilimu ku Ulaya andilembera kuti aitenga ndikachotsa ukwati uja, filimu ithere pachisoni. Bulelwa akuti: "Ukatipha m'filimu, kukaonera uzipita wekha." Koma mawu a Nomfundiso akundidya, chifukwa maliro akunenawo ndapitako kawiri, ndipo mmodzi anali mnzanga wa mpira. Kodi ndinalakwa kuseka? Ndisinthe?

Z.N., Khayelitsha

Wokondedwa Z.N.,

Simunalakwe, ndipo musasinthe. A ku Ulayawo alembereni mwaulemu kuti filimu inatha kale. Zionetsero zilipo zambiri, itumizeni kwina. Munthu akafuna kuti mumulirire musanalowe m'nyumba mwake, si inu akufunani, akufuna misozi yanu.

Pa za maliro Nomfundiso sakunama, inunso mukudziwa. Wangolakwitsa poganiza kuti zomwe iye sanazione sizichitika. Koma taganizirani mtsikana wa zaka 17 amene nkhani zonse za anthu ngati iye zomwe wamvapo zimathera kumanda. Iyeyo akufunika kuona akazi awiri akukanganirana bulangete, akuseka, akukalamba. Taganiziraninso mayi amene mwana wake wangomuululira kumene, ndipo sakudziwa kuti kulandira n'kotheka. Pitani nayo filimuyo m'maholo a kwanuko anthu oterewa akaione. Yambani mwafunsa osewera anu ngati ali omasuka kuti nkhope zawo zioneke kumeneko, musawaike pangozi.

Mnzanu wa mpirayo ngati akukusowetsani mtendere, mulembereni filimu yakeyake mtima ukadzalola. Osam'panikiza m'nkhani ya ena kuti musangalatse atolankhani.

Mayi anu ndawakonda, koma kuofesi asapite. Inunso musayankhe pa intaneti, kumeneko n'kosangalatsa okonda ndewu. Mulembereni Nomfundiso kalata yaifupi. Mumuuze zomwe zolemba zake zinakuchitirani muli mtsikana, kenako mumuitane Lamlungu kudzadya kwa mayi. Akakana, m'siyeni.

Chenjerani ndi chimodzi. Musawasandutse mayi anu umboni wopambanira mlandu. Munthu amene amalemba motsimikiza chonchi kuti mayi otere kulibe, n'kutheka kuti ake anam'tsekera chitseko. Akabwera, n'kukhala patebulo akuwayang'ana mayi anu akumuonjezera nyama m'mbale, musamufunse kuti, "Mwaona tsopano?" Tulukani panja ndi Bulelwa, muwasiye awiriwo.

Aphungu