Mabuleki ya Motoka Yanu

Ba Yona, bakulu banga,

Munati siningakwanise? Ine? Mabuleki ya motoka yanu nachinja nekha kuno ku Kanyama, kopanda galaji! Koma muli bwanji ku Joni uko? Ise tili bwino, mwendo wa ba mayo wapola.

Mabuleki yenze kulira monga nkhumba. Pa Chiweru ninagula mapadi ya mabuleki, nabwereka jeke, nachotsa mawilo. Ba Tembo, makanika wapafupi, banabwera nati, "Iwe mufana, uzapaya banthu." Ine nati, "Ba mudala, khalani pansi muphunzire mahala."

Ninamanga vonse, palibe bauti inatsala. Naliza injini, nabwerera kumbuyo, naponda buleki. Yangolowa mpaka pansi monga naponda phala! Motoka inakaima pa chimbudzi cha ba landilodi. Palibe anapweteka, koma laiti yakumbuyo yaphwanyika. Kuchokera apo foni ikalira nilumpha, niganiza ndimwe.

Napapata, musanilande makiyi. Mulungu akusungeni.

Chimodzi chabe nivomera. Ukachinja mapadi, ufunika kupopa buleki ukalibe kunyamuka. Ba Tembo bananiuza kawiri, ine nenze kubaseka.

Ndine mufana wanu,
Chisomo